Musafulumire kudula: gadeni yakale ndi gadeni yatsopano ku Johannesburg

Mnyamata wina wakwathu anandiimbira foni mwezi watha. Wapeza ntchito pa nyumba yakale ku Parkview, ndipo abwana ake, amene angogula kumene nyumbayo, akufuna kuti agwetse zomera zonse zowirira kuti pabwalo pawale. Ndinamuuza kuti akawapemphe mwaulemu kuti adikire chaka chathunthu. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya m'gadeni kuno, malangizo amenewa sindinawasinthe.

Pamene golide ankapezeka mu 1886, kuno kunali udzu ndi miyala basi. Mitengo ikuluikulu imene mukuiona lero anachita kubzala anthu. Dera la Saxonwold linayamba ngati nkhalango yobzalidwa kuti migodi izipeza mitengo. Choncho wogula nyumba ku Parkview, Melville kapena Kensington wagulanso zaka zimene mitengoyo yakhala ikukula, ndipo mthunzi wotere ku nazale saugulitsa.

Kudikirako n'kofunika chifukwa gadeni yakale siionetsa zonse tsiku limodzi. Chimene mu July chikuoneka ngati masamba wamba pansi pa mtengo, mu September mupeza ndi clivia wochita maluwa. Mukufunika kuona ngodya imene chisanu chimawaula mu June ndi July, ndi imene mitengo ndi mpanda zimaiteteza. Mukufunika kuonanso kumene madzi amathamangira mvula yamabingu ikagwa mu December. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mtengo umene mwadula m'mawa umodzi simuubwezeretsa.

Sindikunena kuti zakale zilibe mavuto. Mizu imalowa m'mapaipi akale a zimbudzi, imang'ambanso mipanda. Kapinga wa kikuyu amafuna dzuwa, ndiye pamthunzi amangotha. Pamenepo bzalani kapinga wotchedwa LM, amene amapirira mthunzi. Lantana ndi bugweed zokha, zomera zachilendo zolanda malo, musadikire nazo, zuleni, chifukwa malamulo a dziko lino amatero. Koma chimene chimandipweteka mtima ndi kachilombo kotchedwa shot hole borer, kamene kanadziwika m'dziko muno mu 2017. N'kakang'ono, pafupifupi mamilimita 2, koma kakaboola mtengo kamalowetsamo nkhungu imene imatseka njira za madzi mpaka mtengo kuuma. London plane ndi box elder ndi ina mwa mitengo imene yavutika kwambiri. Yang'anani timabowo tating'ono ngati nsonga ya bolopeni, ndi madontho onyowa pa khungwa. Abale anga, mtengo wotere ukadulidwa musatenge nkhuni zake kupita nazo kumene mumakhala, mukafalitsa matendawo. Kumbukiraninso kuti mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi ya City Parks, nthambi ya mzinda yoyang'anira mapaki ndi mitengo. Ngakhale abwana atakutumani, musaidule.

Gadeni yatsopano, monga za ku Midrand kapena Cosmo City, ntchito yake yaikulu ili pansi. Mukalowetsa khasu mumakumana ndi zidutswa za njerwa, simenti youma ndi dothi limene malole analipondaponda mpaka kulimba ngati msewu. Eni nyumba ambiri amathamangira kugula maluwa, pakatha miyezi iwiri onse afota, mlandu n'kugwera wa m'gadeni. Ine ndimati ndalama zoyamba zipite ku kompositi ndi manyowa. Kumbani mozama, chotsani zinyalala za omanga, sakanizani bwino, kenaka muyambe ndi mitengo, kutali ndi khoma ndi mapaipi. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo pamalo opanda chotchinga chisanu chimapha mbande msanga. Bzalani mu October mvula ikamayamba, ndipo sankhani mitengo ya konkuno yopirira ngati karee ndi white stinkwood. Phimbirani pansi ndi udzu wouma, popeza m'nyengo imene kampani ya madzi ya Johannesburg Water yaika malire pa kagwiritsidwe ntchito ka madzi saloleza kuthirira kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo.

Chabwino cha malo atsopano ndi dzuwa. Nkhwani, mpiru ndi bonongwe zimafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku, ndipo pansi pa jacaranda wamkulu zimangotalika n'kuyezuka. Mnyamata uja ndamuuza kuti ngati akufuna ndiwo zakwathu pa nyumba imeneyo, ayang'ane khoma loyang'ana kumpoto, kumene dzuwa limafika kwambiri, n'kupempha kamalo pamenepo.