Phewa likupweteka, nanga dokotala akufunsiranji za nkhawa? Mafunso ndi mayankho pa thandizo la BAPAM kwa oyimba ku Britain

Ku Britain kuli bungwe lotchedwa BAPAM, lomwe linayamba mu 1984, losamalira umoyo wa oyimba, ovina ndi ochita zisudzo. Abale athu amene akudyera zoyimba kumeneko nawonso khomo ndi lotsekula.

Thandizoli ndi lotani, ndipo ndi la yani?

Ngati gawo la ndalama zanu limachokera m'zoyimba, kapena mukuphunzira zoyimba ku koleji, mutha kupimidwa mwaulere ndi dokotala kapena katswiri wa minofu ndi mafupa amene amaidziwa ntchito yanu. Mumakumana maso ndi maso m'mizinda ngati London, kapena pa intaneti. Chaulere ndi kupimidwako pamodzi ndi uphungu. Chithandizo chopitirira chimadzera ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, kapena mumalipira, ndipo apa bungwe lothandiza oyimba la Help Musicians limatha kuthandizapo. Dokotala wanu wa masiku onse musamusiye.

Ine ndadandaula za phewa. Za tulo ndi nkhawa zikubweramo bwanji?

Tamuyang'anani woyimba gitala amene akuopa kulakwitsa. Mapewa amakwera mpaka m'makutu, mpweya umatulukira pamwamba, ndipo zala zimafinya nsambo ngati akufuna kuzidula. Nyimbo ndi yomweyo imene dzulo amayimba akuseka, koma lero minofu ikugwira ntchito yowirikiza. Akachita zimenezi maola asanu pa tsiku, mitsempha ya m'dzanja ndi m'khosi imayamba kudandaula.

Ndiye pali khalidwe lija losakhutira ndi chilichonse. Kamzere kamodzi ka nyimbo munthu nkukabwereza mpaka nkhuku zitalira, poti mayeso ayandikira. Kuvulala kochuluka kumayamba pamenepa, pamene maola okonzekera akwera mwadzidzidzi. Usiku tulo osabwera, thupi osapeza mpata wodzikonza. Ululu ukayamba umabweretsa mantha akuti ntchito yatha, manthawo amaumitsanso thupi, basi zinthu nkumangozungulira. Dokotala wongotikita phewa osafunsa chimene chikulikweza, mudzamuonanso mwezi wamawa.

Ndiye kuti ululuwo ndi wongoganizira?

Ayi ndithu. Ululuwo ndi weniweni, ndipo dzanzi, kutupa kapena kufooka kwa dzanja ziyenera kupimidwa. Nkhawa ndi imodzi mwa nkhuni zosonkhezera motowo.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 1988, wokhudza oyimba oposa 2,000 a m'magulu akuluakulu ku America, anapeza kuti 76 mwa 100 aliwonse anali ndi vuto la umoyo losokoneza kayimbidwe kawo. Oyimba 27 mwa 100 aliwonse ankamwa mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima pofuna kuthana ndi mantha, ambiri popanda kulemberedwa ndi dokotala. Apa ndichenjeze: mankhwala ngati propranolol ndi oopsa kwa odwala mphumu. Za kupemphana mapiritsi kuseri kwa siteji, ayi.

Zala zanga zikumapindika zokha ndikamayimba, koma sizipweteka. Ndidikire?

Musadikire, ndipo musaonjezere maola poganiza kuti ndi ulesi wa zala. Ikhoza kukhala focal dystonia, vuto loyambira mu ubongo, momwe malangizo opita ku chala china amasakanikirana ndi a chinzake. Limagwira pafupifupi woyimba waukatswiri mmodzi mwa 100 aliwonse. Eckart Altenmüller, dokotala wa ku Hannover m'dziko la Germany amenenso amayimba chitoliro, anapeza pamodzi ndi anzake kuti ambiri mwa odwalawa ndi anthu a nkhawa ndi osafuna kulakwitsa ngakhale pang'ono. Leon Fleisher, katswiri wa piyano wa ku America, linamugwira mu 1964 ali ndi zaka 36, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ankadalira dzanja lamanzere. Iye mwini anavomera kuti zala zitayamba kuvuta, ankangolimbikirabe kuyimba.

Ndikaulula, sinditaya ntchito?

Awa ndiwo mantha amene amapweteketsa oyimba ambiri. Wosalembedwa ntchito yokhazikika amadziwa kuti akakana ukwati wa Loweruka, foni idzaimbira wina, ndiye amangomwa panado nkukwera pa siteji. Zokambirana zanu ndi dokotala ndi zachinsinsi, sizipita kwa mwini bandi. Ngati chikukulemerani kwambiri ndi mtima osati dzanja, Help Musicians inakhazikitsa Music Minds Matter mu 2017, komwe mutha kuyimba foni usana ndi usiku.

Ndipite ndi chiyani?

Chida chanu, ngati chimanyamulika. Muwauze adokotala maola amene mumayimba, tsiku limene ululu unayamba, ndi zomwe zinkachitika pa moyo wanu masabata amenewo. Kenaka muwayimbire kamzere kamene kamakuvutani kaja, aone okha chimene mapewa anu amachita.