Chisanu cha 1906 ndi ndale za ku Saskatchewan

Pa 1 Januwale 2024, boma la chigawo cha Saskatchewan ku Canada linasiya kutolera msonkho wa utsi pa gasi wotenthetsera nyumba. Mtsogoleri wa chigawocho, Scott Moe, anati boma la dziko lonse la Canada, lomwe lili ku Ottawa, lachita tsankho pochotsera msonkhowu mabanja otenthetsa nyumba ndi mafuta, omwe ambiri ali kum'mawa, n'kusiya anthu akumadzulo kumene kumazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Otsutsa anati ndi ndale chabe, koma mlandu wa moto wa m'nyumba ndi wakale kumeneko.

Chigawochi chinakhazikitsidwa mu 1905, pamene alimi ankakhamukirako kukatenga minda ya maekala 160 polipira madola 10 okha. Kum'mwera kwake ndi chidikha chopanda mitengo, choncho mabanja ambiri ankadalira malasha obwera pa sitima. Mu Malichi 1906 anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Lethbridge, m'chigawo cha Alberta, ananyanyala ntchito, ndipo chipale chofewa chitayamba kugwa mu Novembala nkhokwe za malasha zinali mbee. Madandaulo amene anafika ku boma amanena za anthu osonkhezera moto ndi udzu wopota, matabwa omangira nyumba ngakhalenso tirigu amene analima okha. Mackenzie King, yemwe pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya Canada, anatumidwa kukayanjanitsa mbali ziwirizo, sitalaka inatha mu Disembala, ndipo mu 1907 panabwera lamulo lokakamiza kuti mikangano ya m'migodi ndi panjanji izifufuzidwa kaye anthu asananyanyale. M'chisanu chomwecho ng'ombe zinafa zankhaninkhani. Olemba mbiri amasiyana pa chiwerengero, ena amati theka la ziweto m'madera ena, ena amati kuposa pamenepo, popeza eni ake sankawerenga ziweto zoyenda momasuka m'tchire.

Okalamba ankakumbukira nyale yosiyidwa pawindo kuti wosochera m'chimphepo aione, ndi chingwe chomangidwa kuchokera kunyumba kukafika kukhola. Zokumbukira zoterezi zimakometsera, ndipo sizinena zambiri za Acree ndi Amétis, mitundu ya anthu amene ankakhalako kale n'kulandidwa malowo, komabe n'zovuta kukana kuti mlimi amene anaona mwana wake akunjenjemera chifukwa cha mkangano wa kutali anaphunzira kudalira mnansi kuposa kampani ya njanji.

Zotsatira zake n'zodziwika: bungwe la alimi logulitsa tirigu pamodzi la Wheat Pool m'ma 1920, chipani cha CCF cha Tommy Douglas, chofuna kuti boma lizilowerera pa chuma pothandiza anthu wamba, chomwe chinapambana mipando 47 mwa 52 mu 1944, inshuwalansi ya chipatala mu 1947, ndi chithandizo cha madokotala cholipiridwa ndi boma mu 1962, ngakhale madokotalawo ananyanyala masiku 23.

Kodi zonsezi anazibala ndi chisanu? Katswiri wa za chikhalidwe Seymour Martin Lipset anaika mtima pa china, ndicho kudalira mbewu imodzi yomwe mtengo wake unkakhazikitsidwa kutali, ndipo maganizo akewo ali ndi mphamvu, chifukwa Alberta, wozizira chimodzimodzi, anasankha mu 1935 chipani cha Social Credit, cha maganizo osiyana ndi a CCF. Saskatchewan nayenso wakhala m'manja mwa chipani cha Moe, chosakonda kuti boma lizilowerera pa chuma, kuyambira 2007, komabe gasi amene Moe anakana kudulira msonkho amagawidwa ndi SaskEnergy, kampani ya boma la chigawo yomwe chipani chakecho sichinagulitse.