Mkangano wa okonda sinowo: chaka chabwino n'chiti?

Epulo akamayandikira, anthu okonda sinowo ku United States amakhala pansi n'kuyamba kuwerengetsera. Ena mwa iwo ndi a masewera otsetsereka m'mapiri, ena amangokonda kudzuka m'mawa n'kupeza kunja kwayera mbee. Ambiri amasunga kope lolembamo chipale chofewa chimene chagwa pakhomo pawo tsiku ndi tsiku, ndipo nyengo yozizira ikatha amaiweruza: ino inali yabwino, ya chaka chatha inali yachabechabe. Mkangano wake sutha, chifukwa pafupifupi aliyense amakakamira nambala imodzi, ya sinowo yense amene wagwa kuyambira koyambirira mpaka kumapeto kwa nyengoyo. Nambala imeneyi siinama ayi, koma imabisa zambiri, ndipo ife a zanyengo sitiikhulupirira ikakhala yokha.

Taonani mzinda wa Boston, kum'mawa kwa dzikolo. Kawirikawiri kumeneko kumagwa sinowo wokwana pafupifupi masentimita 125 pa chaka. M'nyengo ya 2011 mpaka 2012 kunangogwa masentimita 24. Patadutsa zaka zitatu, m'nyengo ya 2014 mpaka 2015, kunagwa masentimita 281, ndipo chiyambire kulemba za nyengo mumzindawo kunali kusanagwepo wochuluka chotere. Komatu mukanafunsa munthu wa ku Boston pa Khirisimasi ya 2014, akanakuuzani kuti chaka chino palibe chathu. Pofika sabata yachitatu ya Januwale, sinowo yense anali asanakwane n'komwe masentimita 15. Kenako kumwamba kunatseguka. M'masiku 30 okha kunagwa wopitirira mamita awiri, ndipo kunkazizira koopsa moti wakale sankasungunuka, watsopano ankangosanjikizana pamwamba pake. Sitima za mumzinda zinaima, madenga ena anagwa chifukwa cha kulemera, ana anakhala kunyumba masiku ambiri. Akuluakulu a mzinda anatuta sinowoyo pa malole n'kukamuunjika pabwalo lina kufupi ndi doko, ndipo mulu womaliza, uli bii ndi zinyalala za mumsewu, unatha kusungunuka pa 14 Julayi.

Ndiye tinene kuti chinali chaka chabwino? Wa nambala amavomera ndi manja awiri. Mnzake amakana, akuti miyezi iwiri inapita yopanda kanthu, kenako kunabwera milungu inayi ya chipwirikiti. Mlimi wa kwathu angaimve msanga nkhaniyi. Mvula ya chaka chonse ikhoza kukwana ndithu pa choyezera, koma ngati inakhuthuka yonse m'masabata ochepa kenako ng'amba n'kugwira chimanga chikumasula, m'nkhokwe simulowa kanthu. Nthawi imene chinthu chagwera ndi yofunika ngati kuchuluka kwake.

Nambalayo payokha imapezeka m'njira imene ambiri saidziwa. Woyeza amaika thabwa lopaka penti woyera pamalo athyathyathya, kutali ndi nyumba ndi mitengo, kopanda mphepo yokokolola. Sinowo akagwa, amazika rula mpaka kugunda thabwalo, n'kulemba, n'kusesa thabwa kuti liyambirenso. Nambala ya chaka imapezeka pophatikiza miyezo yonseyi. Vuto lake n'lakuti sinowo amatsendereka yekha chifukwa cha kulemera kwake, choncho wosesa thabwa ola lililonse amapeza nambala yaikulu kuposa wosesa kamodzi patsiku, ngakhale nyumba zawo zitayandikana. N'chifukwa chake nthambi ya boma yoona zanyengo ku America inakhazikitsa kuti thabwa lisasesedwe koposa kamodzi pa maola 6 alionse. Lamuloli linagwirapo ntchito yowawa. Mu Januwale 1997, ku Montague m'chigawo cha New York kunalembedwa masentimita 196 pa maola 24, zimene zikanaposa masentimita 193 a ku Silver Lake, Colorado, a mu Epulo 1921. Akatswiri atafufuza anapeza kuti woyezayo ankasesa pafupipafupi, ndipo nambala yake anaikana.

Choncho mukamva kuti pa phiri la Mount Baker m'chigawo cha Washington panagwa sinowo wokwana mamita 29 m'nyengo ya 1998 mpaka 1999, amene ndi wochuluka kwambiri kulembedwapo m'nyengo imodzi pa dziko lonse, musaganize kuti panali chikhoma chotalika mamita 29. Amene anali pansi pa tsiku lililonse anali wochepa kutalitali ndi pamenepo.

Komanso sinowo sakhala wofanana. Nthawi zambiri timati masentimita 10 akasungunuka amatulutsa sentimita imodzi ya madzi. Kukazizira kwambiri, monga m'mapiri a ku Utah, amagwa wopepuka ngati ufa, ndipo pangafunike masentimita 20 kuti mupeze madzi omwewo. Ameneyu ndiye amakondedwa ndi otsetsereka, koma mwana sangaumbe naye kanthu chifukwa amangoyoyoka m'manja. Kutentha kukayandikira digiri 0, amagwa wonyowa ndi wolemera, masentimita 5 okha n'kutulutsa sentimita yathunthu ya madzi. Ameneyu ndiye amathyola nthambi ndi mawaya a magetsi, amapweteka msana pofosholo, koma ndiyenso amadzaza madamu.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya zosangalatsa chabe. Ku California mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira, chilimwe chimakhala chouma gwaa. Sinowo wa m'mapiri a Sierra Nevada ndiye amasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono akamasungunuka, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi amene anthu a m'chigawochi amagwiritsa ntchito limachokera mmenemo. Oyeza a kumeneko safunsa kuti wagwa wochuluka bwanji, amafunsa kuti ali ndi madzi ochuluka bwanji. Njira yawo inayambitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi James Church, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nevada ku Reno. Amatenga paipi yaitali yachitsulo yokhala ndi mano kumapeto, n'kuizika mu sinowo mpaka manowo atagwira dothi. Akaizula amayang'ana kunsonga ngati kuli dothi, kuti atsimikize kuti yafikadi pansi, kenako amaipachika pa sikelo. Kulemera kwa zimene zili m'paipimo ndiko kumawauza kuchuluka kwa madzi. Muyezo wofunika kwambiri ndi wa koyambirira kwa Epulo, pamene sinowo amakhala atafika pachimake asanayambe kusungunuka.

Pa 1 Epulo 2015, bwanamkubwa wa California pa nthawiyo, Jerry Brown, anapita ku Phillips Station, malo oyezerapo amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, ndipo anaima pa udzu wouma. Sinowo wa m'mapiri onse a chigawocho anali 5 peresenti yokha ya mmene amakhalira nthawi zonse. Tsiku lomwelo analamula kuti mizinda ichepetse madzi ogwiritsa ntchito ndi 25 peresenti. Chimene chinaononga sichinali kusowa kwa mitambo kokha. Kunatentha kwambiri, moti zambiri zimene zikanagwa ngati sinowo zinagwa ngati mvula n'kuthamangira kumitsinje nthawi yomweyo.

Onaninso chakacho: ndi nyengo yomwe ija imene Boston anakwiririka. Sizinangochitika mwangozi. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 m'mwamba muli mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, imene imaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo imayenda m'malire a mpweya wozizira wa kumpoto ndi wofunda wa kumwera. Namondwe amatsata njira yake. Chaka chimenecho mphepoyi inakhota kulowera kumpoto cha kumadzulo kwa America, n'kusiya California pa dzuwa, kenako inagwera kumwera cha kum'mawa, n'kutsegulira mpweya wozizira khomo lolowera ku Boston, ndipo inakhala choncho milungu yambiri. Anthu awiri okonda sinowo, wina kum'mawa wina kumadzulo, akamakangana za 2015, onse amanena zoona, ndipo gwero la chimwemwe cha wina ndi lomwelo la chisoni cha mnzake.

Chimodzi mwa zimene zimakankha mphepoyi ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. El Niño, yemwe uja anatibweretsera chilala ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mu 2016 ndi 2024, kawirikawiri amanyowetsa kumwera kwa United States n'kufunditsa kumpoto. Iyeyu amabwera madziwo akatentha; mnzake La Niña, amene amabwera madziwo akazizira, amakondera mapiri a kumpoto chakumadzulo, ndipo chaka chija cha Mount Baker chinali chake. Koma izi zimangopendeketsa sikelo, sizilonjeza kanthu. Nyengo ya 2022 mpaka 2023 inayamba ndi La Niña, amene nthawi zambiri amaumitsa kumwera kwa California, chonsecho mitambo yodzaza chinyezi chochokera kunyanja inabwera motsatizana mpaka sinowo wa m'mapiri anafika 237 peresenti ya mmene amakhalira nthawi zonse koyambirira kwa Epulo.

Achikulire a kumeneko amakonda kunena kuti kale sinowo ankagwa weniweni. Mbali ina ndi mmene mtima wa munthu umakumbukirira: zaka zoopsa zimakhazikika m'mutu, zaka wamba zimaiwalika. Koma mbali ina akunena zoona. Zithunzi za masetilaiti, zimene zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, zikuonetsa kuti dera lokutidwa ndi sinowo kumpoto kwa dziko lapansi m'miyezi ya kumapeto kwa nyengo ya sinowo likucheperachepera. Zimene zimasokoneza anthu n'zakuti mpweya ukatentherako ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti. Ndiye kukazizira mokwanira, namondwe mmodzi akhoza kugwetsa sinowo wambiri kuposa kale, pamene nyengo yonse ikufupika ndipo masiku ambiri akugwa mvula m'malo mwake. M'nyengo yomweyo ya 2022 mpaka 2023, ku Central Park mumzinda wa New York kunagwa masentimita osakwana 6, ochepetsetsa chiyambire kulemba mu 1869, pamene ku Buffalo, m'chigawo chomwecho, namondwe wa pa Khirisimasi anapha anthu oposa 40.

Kwa otsetsereka a ku California, 2023 ndi chaka chimene adzasimbire adzukulu awo. Ku Mammoth Mountain kunagwa sinowo wokwana pafupifupi mamita 18, ndipo malo otsetserekawo anatsekedwa pa 6 Ogasiti, chilimwe chili pakati. Koma madzi onsewo anayenera kutsika. Mvula ya mu Malichi pamodzi ndi sinowo wosungunuka zinadzazanso nyanja ya Tulare, imene inauma kalekale alimi atapatutsira mitsinje yake m'minda. Mahekitala oposa 40,000 a minda anamira, misewu ndi makola a ng'ombe zamkaka zinalowa madzi, ndipo m'tauni ya Corcoran anachita kukweza khoma lotchinga madzi mwachangu kuti nyanjayo isalowe m'nyumba za anthu.