Kupha tizilombo m'madzi akumwa ndi cheza cha UV

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Chikalowa m'madzi chimaononga tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kutsegula m'mimba, moti sitingathenso kuswana. Malo ena oyeretsera madzi m'mizinda amaika nyale za UV m'mapaipi, madzi n'kumadutsa pamenepo. Ku Marseille, m'dziko la France, anayesa njirayi kale mu 1910. Nyalezi zimagonjetsa ngakhale Cryptosporidium, kachilombo kosamva klorini komwe kanadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 ku Milwaukee, ku America, mu 1993.

Pakhomo, dzuwa lomweli lingakuthandizeni. Pezani botolo lapulasitiki loonekera mkati, lija la madzi ogula, losapitirira malita 2. Matulani pepala lake ndipo mulitsuke ndi sopo. Botolo lobiriwira kapena lokalikakalika musagwiritse ntchito. Thirani madzi, tsekani, ndipo muligoneke padenga la malata kwa maola 6 dzuwa likuswa mtengo. Kukachita mitambo, likhale masiku 2. Mvula ikamagwa tsiku lonse njirayi siithandiza. Wiritsani madzi kapena thirani klorini.

Ambiri amalakwitsa pa nkhani ya matope. Cheza cha UV sichipyola madzi avundu, ndipo tizilombo timabisala kuseri kwa tinthu toyandama m'madzimo. Yesani chonchi: imikani botolo lodzaza pamutu wa nkhani m'nyuzipepala, musuzumire kukamwa kwake. Ngati zilembo sizikuwerengeka, madziwo muwasiye adikhe kapena muwasefe ndi nsalu yoyera musanawayike padzuwa. M'dzinja, madzi a m'zitsime zosatetezedwa ndi a kudambo amafunika kusefedwa nthawi zambiri.

Dziwaninso kuti klorini imatsalira m'madzi n'kumawateteza, pomwe UV satsalira. Mukakhuthulira madziwo mundowa yosatsuka, kapena ana akamaviikamo kapu ndi manja akuda, tizilombo tabwereramo. Asungeni m'botolo lomwelo lili chitsekere, muzithira m'kapu yoyera pokhapokha mukufuna kumwa. UV sachotsanso feteleza, mchere kapena mankhwala opopera mbewu.

Kolera yomwe inabuka m'Malawi mu 2022 inapha anthu oposa 1,700. Matendawa akabuka m'dera lanu, tsatirani malangizo a alangizi a zaumoyo pa kathiridwe ka klorini. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, mumwetseni Thanzi ORS muli pa ulendo wopita naye kuchipatala.