Galu Wamanyenje Si Mwana wa Mkango

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zithunzi za chigalu chachikulu chamanyenje, ena n'kumati chinabadwa mkango utakwera galu. Limeneli ndi bodza, ndipo musalifalitse.

Mkango ndi wa banja la amphaka, pomwe galu ndi mbale wa nkhandwe. M'maselo a thupi la galu muli makromozomu (tinthu tonyamula chibadwa) 78, a mkango 38 basi. Nyama zotalikirana chonchi sizingaberekane.

Nthawi zambiri galu wa pazithunzizo amakhala Tibetan Mastiff, wochokera kumapiri ozizira kwambiri a ku Tibet, komwe amalondera ziweto. Ubweya wambiri wa m'khosiwo umamuteteza ku chisanu. Winanso ndi Chow Chow wa ku China, uja wa lilime lakuda looneka ngati labuluu. Ena eni ake amangowameta thupi, n'kusiya ubweya m'khosi ndi kunsonga ya mchira.

Kufananako kumapusitsadi anthu. Mu 2013, malo ena osungira nyama ku Luohe, ku China, anaika Tibetan Mastiff m'khola lolembedwa kuti mkango wa ku Africa. Chinyengocho chinaululika "mkangowo" utayamba kuuwa pamaso pa alendo amene analipira ndalama zawo.