Mano Oyamba a Mwana ndi Ulendo Woyamba kwa Dokotala wa Mano

Makolo ambiri amapita ndi mwana kwa dokotala wa mano tsaya litatupa kale, mwanayo akulephera kudya ndi kugona. Nthawi yoyenera ndi pamene dzino loyamba lamera, ndipo musadikire kuti apitirire chaka chimodzi. Pa ulendowu palibe chopweteka: mwana amakhala pamiyendo panu, dokotala amakweza mlomo n'kuyang'ana mano, nkhama ndi lilime, kenako amakufunsani zimene mwanayo amadya ndi kumwa. Mukapita kusikelo, funsani azaumoyo kuti akuuzeni kumene mungapeze thandizoli, ndipo musaiwale buku lake la kuchipatala.

Dzino loyamba limamera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, kawirikawiri kutsogolo m'munsi, ndipo pofika zaka 3 mano onse 20 amakhala atatuluka. Ena amati manowa alibe ntchito poti adzaguluka, koma ndi amene amathandiza mwana kutafuna ndi kuphunzira kulankhula, komanso amasungira malo mano achikulire amene amayamba kumera pa zaka 6.

Mano asanamere, pukutani nkhama ndi kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi owiritsa atazizira. Dzino likangotuluka, litsukeni kawiri patsiku, makamaka usiku pogona, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride (mankhwala olimbitsa mano kuti asaole), ochepa ngati kanjere ka mpunga. Chimene chimawononga kwambiri mano a ana ndi shuga amene amakhalitsa m'kamwa, choncho musamugoneke mwana ndi botolo la tiyi kapena zakumwa zotsekemera, ndiponso musachulutse shuga m'phala. Musamutafunire chakudya kapena kunyambita supuni yake, chifukwa tizilombo toola mano timachoka m'kamwa mwa wamkulu n'kulowa mwa mwana. Mukaona timadontho toyera ngati choko pa dzino pafupi ndi nkhama, dziwani kuti kuola kwayamba, koma kungathe kuletsedwa mukafulumira.

Pali chikhulupiriro chimene chimachedwetsa ana ambiri kulandira thandizo, chakuti kumera mano kumatsegula m'mimba ndi kutenthetsa thupi kwambiri. Mwana amene akumera mano amatuluka dovu, amanyong'onyeka ndipo amaluma chilichonse, basi. Ngati akutsegula m'mimba, akusanza kapena thupi latentha, angakhale ndi malungo kapena matenda ena oopsa, ndipo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Musalole munthu aliyense kumutema nkhama kapena kumupaka mankhwala osadziwika m'kamwa.