Mkangano wa chamba: kumene unachokera, ndi amene angapindule akaloleza kusuta

Lamulo limene apolisi amamangira munthu wopezeka ndi chamba m'Malawi ndi la nthawi ya atsamunda. Dzina lake ndi Dangerous Drugs Act, linayamba kugwira ntchito mu 1956, ndipo mpaka lero m'makhoti chambacho amachitchula kuti Indian hemp. Koma ganizo loletsa mbewuyi silinabadwire ku Zomba. Boma la azungu ku South Africa linaletsa dagga, dzina la chamba kumeneko, m'dziko lonse mu 1922, ndipo chaka chotsatira linalembera League of Nations, bungwe la mayiko lomwe linalipo United Nations isanakhazikitsidwe, kupempha kuti chamba chiikidwe m'gulu la mankhwala oopsa. Pa msonkhano wa ku Geneva mu 1925 nthumwi za Egypt zinalimbikira nkhani yomweyo mpaka inalowa m'pangano. Kenako kunabwera pangano la United Nations la 1961, lomwe limalola chamba pa zachipatala ndi kafukufuku basi. Dziko la Malawi linalowa m'panganoli litangolandira ufulu, ndipo pangano limeneli ndi limene limamanga manja a boma lililonse lofuna kupeza ndalama pa chamba chosuta.

Chiletsocho sichinazule mbewu m'minda. M'mapiri a ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzimba anthu anapitiriza kulima, kutali ndi msewu, nthawi zina m'kati mwa nkhalango zotetezedwa. Akakolola amayanika, n'kukulunga zolimba m'makungwa a nthochi kuti chipse bwino, ndipo chimenechi ndicho chinatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold. Chimayenda chobisika pansi pa matumba a makala, chimanga kapena nsomba, kudutsa zipata za apolisi, china n'kukafika ku Zimbabwe ndi ku Johannesburg. Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Mtengo waukulu wa fodya wamkuluyu sukhala wa mbewuyo, chifukwa kulima kwake sikuvuta kuposa fodya wa bale. Wogula amalipira chiopsezo: cha woyendetsa galimoto amene angamangidwe, katundu amene angalandidwe n'kutenthedwa, ndi ziphuphu za m'njira. Mlimi amalandira kagawo kochepa zedi ka ndalamazo. Chiopsezo chikachoka, mtengo nawonso umatsika, ndipo izi zachitika m'mayiko amene atsegula msika wa chamba chosuta.

Ku nyumba ya malamulo nkhaniyi inayamba kumveka mu 2000, pamene Joe Manduwa, yemwe anali wachiwiri kwa nduna ya zaulimi, ananena kuti dziko liganizire chamba cha m'mafakitale poona kuti fodya akupita pansi. Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, Boniface Kadzamira, anaidzutsanso, aphungu anzake n'kumuseka. Chaka chomwecho kampani ya Invegrow inaloledwa kuyesa mbewu za mtunduwu ku malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe. Pa 27 February 2020 aphungu anavomereza Cannabis Regulation Act, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority loti lizipereka ziphaso. Lesotho anali atatsogola kale mu 2017, Zimbabwe mu 2018.

Lamulo la 2020 silinaloleze kusuta. Linatsegula makomo awiri okha: chamba cha mankhwala, ndi chamba cha m'mafakitale chomwe THC yake, mankhwala oledzeretsa a m'chambamo, isapitirire 1 peresenti. Mitengo ya ziphaso italengezedwa kumapeto kwa chaka chomwecho, chiphaso cholimira ndi kugulitsa cha mankhwala chinali madola 10,000 a ku America, cha m'mafakitale madola 2,000. Mlimi wa ku Nkhotakota amene wadziwa mbewuyi kuchokera kwa agogo ake anatsala panja pomwepo. Amene anasonkherana m'makopaletivu n'kulipira anakumana ndi vuto lina lalikulu kuposa chiphaso, loti agulitsa kwa yani.

Wogula wa ku Ulaya safunsa ngati chambacho n'champhamvu. Amafuna mapepala osonyeza kuti chinalimidwa motsatira muyezo wa kalimidwe kabwino wotchedwa GACP ndi kukonzedwa m'fakitale yovomerezeka pa muyezo wa ku Ulaya wa kapangidwe ka mankhwala wotchedwa EU-GMP. Amafuna kuti THC ndi CBD, mankhwala ena a m'chamba osaledzeretsa, zikhale zofanana pa mtolo uliwonse, chinyontho chikhale cha m'ma 10 mpaka 12 peresenti, pasakhale chuku, mankhwala ophera tizilombo kapena zitsulo zoopsa zimene mbewuyi imayamwa mosavuta m'nthaka. Chamba chokulunga m'makungwa a nthochi chimalephera mayeso a tizilombo, chifukwa kupsa kumene osuta amakukonda kumabwera ndi chinyontho chomwe chimaberekanso chuku. Cha m'munda wapamtetete chimadzaza njere, popeza mungu wa mbewu zamphongo umauluka ndi mphepo makilomita angapo, ndipo maluwa okhala ndi njere wogula sawafuna. Mungu womwewo ukachokera ku chamba cha makolo n'kugwera m'munda wa chamba cha m'mafakitale, mbewu yobzala chaka chotsatira ikhoza kudumpha malire a 1 peresenti aja, munda wonse n'kukhala wosaloledwa. Zonsezi zimafuna nyumba zolimiramo, mpanda, magetsi osazimazima ndi labotale yovomerezeka, ndalama zimene gulu la alimi a kumudzi silingazipeze.

N'chifukwa chake mu March 2024 phungu wa kummwera kwa Lilongwe, Peter Dimba, anabweretsa bilu yoti chamba chathu cha makolo nachonso chiziloledwa kulimidwa ndi chiphaso, ndipo aphungu anaivomereza. Kusuta sikunali m'biluyo. Koma mkangano unali utasuntha kale. A Rasta akhala akunena kwa zaka zambiri kuti chamba ndi gawo la chipembedzo chawo. Mu 2022 anthu ambiri anakwiya mnyamata wina ku Blantyre atalamulidwa kukhala kundende zaka 8 chifukwa cha chamba, pamene ena a ndalama zawo amangolipira chindapusa. Mbali inayo kuli mipingo, makolo ndi azaumoyo amene amaona achinyamata akufika ku chipatala cha amisala ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu atasokonezeka mutu. Mantha awo ali ndi maziko: kafukufuku wa m'mayiko ambiri akusonyeza kuti kuyamba kusuta usanakhwime, kusuta tsiku ndi tsiku, ndi kusuta chamba cha THC yochuluka kumakweza chiopsezo cha matenda a misala.

Wofuna kudziwa zimene zingachitike akaloleza kusuta ayang'ane kaye ku South Africa, chifukwa alimi ake amafanana ndi athu. Gareth Prince, m'Rasta amene anaphunzira zamalamulo koma anamukaniza kukhala loya chifukwa cha milandu ya dagga, anagonja ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko mu 2002. Sanaleke. Pa 18 September 2018 khoti lomwelo, chigamulo chikuwerengedwa ndi woweruza Raymond Zondo, linanena kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wolima, kusunga ndi kusuta chamba kumalo kwake, malinga n'chogwiritsa ntchito iye mwini. Aphungu anapatsidwa miyezi 24 kuti akonze lamulo, koma pulezidenti Cyril Ramaphosa anadzasaina Cannabis for Private Purposes Act pa 28 May 2024. Kugula ndi kugulitsa kunakhalabe mlandu.

Taonani zimene zinawagwera alimi a ku Mpondoland m'chigawo cha Eastern Cape. Kwa zaka makumi ambiri mabanja a kumeneko ankalipira fizi ya ana ndi ndalama za dagga, ngakhale ndege za apolisi zinkawapopera mankhwala opha zomera m'minda. Chigamulo chitatuluka, anthu a m'matauni anayamba kudzilimira kuseri kwa nyumba, ena m'zipinda zoyatsa magetsi, pogwiritsa ntchito mbewu zochokera kunja zomwe zimakhwima msanga ndiponso zimakhala ndi THC yambiri. Ogula amene ankatsikira kumidzi anachepa, mtengo unagwa, ndipo mlimi wa kumudzi analibe khomo lovomerezeka logulitsira, popeza ziphaso za mankhwala zinapita kwa makampani okhala ndi mpamba. Wosuta anamasuka, wolima wakale anasauka. Ichi n'chinthu chopweteka kwambiri pa mbiri yonseyi, ndipo chikukhudza Malawi mwachindunji, chifukwa South Africa ndiye anali msika waukulu wa chamba chozembetsa chochokera kuno.

Ena amati tikangololeza, ndalama zakunja zidzasefukira monga zinkachitira pa okushoni ya fodya ku Kanengo. Pangano la 1961 likutseka njira imeneyo. Mu December 2020 bungwe la United Nations loona za mankhwala ozunguza bongo linachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa, koma chinatsalabe pa mndandanda woyamba, kutanthauza kuti chimadutsa malire pokhapokha chili cha chipatala kapena kafukufuku, ndi chilolezo cha dziko lotumiza komanso cha dziko lolandira. Canada, Uruguay ndi Germany amalola akuluakulu kusuta, koma chosutacho amalima okha. Msika wa chamba chosuta ndi wam'dziko momwemo, ndipo wathu ungakhale wa makwacha, kuonjezapo alendo ochepa a kunyanja.

Za msonkho nazo zili ndi phunziro lake. Colorado, chigawo cha ku America, inayamba kugulitsa chamba chosuta pa 1 January 2014, ndipo m'chaka chake chabwino kwambiri, 2021, inatolera madola opitirira 400 miliyoni. Ndi ndalama zooneka, koma ndi pafupifupi 1 peresenti chabe ya bajeti ya chigawocho, ndipo zatsika kuchokera pamenepo. Canada inatsegula msika pa 17 October 2018 ndi msonkho wa dola imodzi ya ku Canada pa gilamu kapena 10 peresenti ya mtengo, kutengera chimene chakula. Anawerengera ngati gilamu izigulidwa pafupifupi madola 10. Makampani analima mopitirira muyezo, mtengo unagwa, koma dola ija sinasunthe, motero msonkho unayamba kudya gawo lalikulu la zimene wolima amapeza. Katundu wambiri wosagulidwa anawonongedwa, ndipo mu 2023 Canopy Growth, imodzi mwa makampani akuluakulu, inachotsa antchito 800. Ku California nakonso alimi ang'onoang'ono a kumapiri a kumpoto anapanikizika ndi misonkho ndi mitengo yotsika, mpaka boma linachotsa msonkho wa ulimi mu 2022. Msonkho ukakwera, wosuta amabwerera kwa wogulitsa wamseri. Ukatsika, boma silipeza kanthu. Ngakhale ku Canada, kumene boma lili ndi mphamvu zolondoloza, panatenga zaka zingapo kuti osuta oposa magawo awiri mwa atatu azigula m'masitolo ovomerezeka. Kuno kumene kachasu amagulitsidwa pakhomo popanda risiti, kutolera msonkho wa chamba kungavute koposa.

Uruguay inasankha njira ina mu 2013, yosafuna phindu koma kulanda msika m'manja mwa zigawenga. Wosuta amalembetsa ku boma n'kusankha chimodzi: kulima mitengo isanu ndi umodzi pakhomo, kulowa kalabu ya anthu 15 mpaka 45, kapena kugula ku famase magilamu osapitirira 40 pa mwezi, pa mtengo woikidwa ndi boma. Alendo saloledwa kugula. Kugulitsa m'mafamase kutayamba mu July 2017, mabanki anaopseza kutseka maakaunti a mafamasewo poopa malamulo a ku America, ndipo ena anasiya malondawo. Dziko ngati lathu, limene mabanki ake amadalira mabanki akunja kuti atumize ndi kulandira madola, liyenera kulingalira vuto limeneli lisanalembe lamulo. Thailand ndiye chitsanzo cha kuthamanga: inachotsa chamba pa mndandanda wa zoletsedwa mu June 2022 lamulo loyendetsera malonda lisanakonzeke, masitolo anabuka paliponse, ndipo mu 2025 boma linabweza kuti wogula azikhala ndi kalata ya dokotala.

Phindu limene limaoneka msanga ndi la m'makhoti. Milandu ya kupezeka ndi chamba chochepa imatsika kwambiri, apolisi ndi oweruza amapeza nthawi ya milandu ina, ndipo m'ndende zathu zodzaza mopitirira muyezo zimenezi si zazing'ono. Koma lamulo liyenera kutchula manambala. Canada inati magilamu 30 poyenda ndi mitengo inayi pa banja. Germany, kuyambira pa 1 April 2024, magilamu 25 poyenda, 50 kunyumba ndi mitengo itatu. Popanda nambala, wapolisi wa pa chipata ndiye amagamula yekha ngati chimene wapeza n'chosuta kapena chogulitsa, ndipo pamenepo ndi pamene ziphuphu zimamera. Liyeneranso kunena za amene anamangidwa kale, ngati mbiri yawo ifufutidwa, monga lamulo la South Africa likulolera. Pa msewu pali vuto lina: mkodzo umaonetsa chamba kwa masiku ambiri, ngakhale masabata, munthu atasiya kuledzera, choncho mayiko amayeza magazi. Canada inaika malire pa mananogilamu 2 ndi 5 a THC pa mililita imodzi, Germany pa 3.5. Kuyeza kotere kumafuna labotale, osati kachipangizo kopumira kamene apolisi apamsewu amayezera mowa. Ndipo kumene analola maswiti ndi mabisiketi a chamba, chiwerengero cha ana ang'ono ogonekedwa m'chipatala atadya mosadziwa chinakwera, ngakhale Canada inaika malire a mamiligilamu 10 a THC pa paketi.

Ngati aphungu adzafike pokambirana zololeza kusuta, ndime yofunika kuiwerenga mosamala ndi ya ziphaso. Chiphaso cha mlimi wamng'ono chiyenera kulipiridwa m'makwacha, pa mtengo woyandikira wa kulembetsa fodya, ndi malire a kukula kwa munda kuti makampani asameze msika wonse. Canada inayamba ndi chiphaso chotere cha malo osapitirira masikweya mita 200. Kuyanika, kuyeza ndi kulongedza kuchitikire pamalo amodzi a kopaletivu, chifukwa apo ndi pamene katundu amalephera mayeso. Mbewu ya Malawi Gold nayo ikufunika kulembetsedwa ndi kusungidwa kumalo osungira mbewu ku Chitedze isanasakanikirane ndi mitundu yobwera, popeza makampani a mbewu ku Ulaya akugulitsa kale njere za dzina limeneli popanda tambala yobwerera ku Nkhotakota.